Phunziro: Liwonde ndi Mtsinje wa Shire m'Nyengo ya Chisanu

Ana anga, lero tiphunzira za malo amene ambiri a inu mumadutsapo popita kumsika kapena kuchipatala: tawuni ya Liwonde, mtsinje wa Shire ndi mapiri ozungulira. Tiwaona m'miyezi ya Meyi, Juni, Julayi ndi Ogasiti. Nyengoyi ndayisankha dala. M'dzinja udzu ndi chimanga zimabisa nthaka, ndipo pofika Okutobala utsi ndi fumbi zimabisa mapiri. Koma mu Juni, mvula itangotha kumene, munthu amaona kutali. Pamene tikuyenda m'phunziroli musunge funso limodzi m'mutu: n'chifukwa chiyani Shire amakhala wodzaza pa nthawi imene mitsinje ina ikuphwa?

Tiyime pamlatho wa Shire pa Liwonde

Kum'mawa kwa mtsinje ndi boma la Machinga, kumadzulo ndi boma la Balaka. Makolo anu akukumbukira pamene maboma awiriwa anali limodzi, chifukwa Balaka adakhala boma palokha mu 1998. Madzi akuchokera kumpoto. Atuluka m'nyanja ya Malawi ku Mangochi, adutsa m'nyanja yaing'ono ya Malombe, ayenda pang'onopang'ono pakati pa bango ndi mivumo mpaka afika pansi pa mapazi anu. Shire ndi wautali makilomita pafupifupi 400 ndipo amakathira mu Zambezi ku Mozambique. Lembani ichi: ndi mtsinje wokhawo umene umatulutsa madzi m'nyanja ya Malawi.

Tili m'chigwa. Kalekale nthaka idang'ambika n'kutitimira, ndipo mng'alu umenewo ndi womwewo umene mwakhala nyanja ya Malawi. N'chifukwa chake Liwonde ali pansi, mamita osafika 500 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene nsonga za phiri la Zomba zimapitirira mamita 2,000. Mukayang'ana kummwera ndi kum'mawa muona mapiri ondondozana, Chinduzi, Mongolowe, Chaone ndi Chikala, ndipo kuseri kwake kwatukuka Malosa. Mapiriwa ndi a mwala wolimba umene udaumira pansi pa nthaka, mvula ya zaka zosawerengeka n'kukokolola zofewa zimene zidauphimba. Pa Chikala m'pamene padali linga la mfumu Kawinga ya Ayao, imene idalimbana ndi asilikali a atsamunda mpaka 1895. Chakumpoto, m'nkhalango yosungira nyama, kuli phiri la Chinguni, lomwe limaoneka bwino kuchokera m'tawuni.

Kuzizira kumachokera kuti

Zifukwa zazikulu ndi ziwiri. Choyamba ndi dzuwa. Dziko lapansi ndi lopendekeka, ndipo pa 21 Juni dzuwa limakhala paliwombo pa anthu a kumpoto kwenikweni kwa ife. Kuno limadutsa chakumpoto, kuwala kwake kumafika mopendekeka, ndipo usana umafupika kufika pa maola 11 ndi mphindi zochepa, pamene mu Disembala umayandikira maola 13. Pitani panja masana mu Juni muone chithunzithunzi chanu: chaloza kummwera.

Chachiwiri ndi mwera, mphepo yochokera kummwera chakum'mawa. Asodzi a ku Malombe amaudziwa bwino, chifukwa ukalimba bwato silitsika m'madzi. Masiku ena mphepoyi imabwera ndi chinyezi cha kunyanja ya India, n'kusanduka mitambo yotsika ndi mvula yowaza imene timati chiperoni, dzina lochokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Chiperoni chimakonda malo okwera, monga Thyolo, Mulanje, Blantyre ndi Zomba. Mphepo ikakwera phiri imazizira n'kukhuthula chinyezi chake, ndipo ikamatsikira mbali inayo imakhala youma. Apa mwamvetsa chifukwa chake Malosa amatha kufunda mitambo tsiku lonse pamene ku Balaka kukuwala dzuwa, ndiponso chifukwa chake Balaka ndi dera la mvula yochepa, la malambe ndi thonje.

Tichite samu yaing'ono. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 aliwonse amene munthu wakwera. Kuchokera pa Liwonde kufika pamwamba pa phiri la Zomba ndi mamita oposa 1,500. Chulukitsani, mupeza kusiyana kwa madigiri pafupifupi 10. Mnzanu wa ku Zomba akakuuzani kuti a ku Liwonde sadziwa chisanu, wanena zoona pang'ono chabe. Masana kuno kumafunda ndithu, koma usiku ndi nkhani ina.

Nkhungu ya m'mawa

Amene mumalawirira kusukulu mwaionapo nkhungu itagona pamtsinje, mitu ya mivumo yokha ikuoneka pamwamba pake. Imapangika motere. Usiku wa Juni kumwamba kumakhala kopanda mitambo, ndiye kutentha kumene nthaka idamwa masana kumathawa msanga. Mpweya wa m'mapiri umazizira, umalemera, n'kutsetserekera kuchigwa. Madzi a mumtsinje, mosiyana ndi nthaka, sazizira msanga. Amakhalabe ofunda ndipo amatulutsa nthunzi. Mpweya wozizira uja ukakumana ndi nthunziyo, nthunzi imasanduka timadontho ting'onoting'ono toyandama. Imeneyo ndiye nkhungu. Dzuwa likakwera n'kufunditsa mpweya, timadontho timabwerera kukhala nthunzi yosaoneka, ndipo pofika nthawi ya buleki mtsinje wayera.

Baraji ndi funso lathu lija

Tsopano tabwera pachimake. Onani Likwenu, amene amatsika kuchokera ku Malosa, kapena Rivirivi wa ku Balaka. Mu Febuluwale amasefukira, mu Ogasiti madzi atsala ochepa pakati pa mchenga. Mitsinje imeneyi imadalira mvula imene yagwa pafupi. Shire amadalira nyanja. Nyanja ya Malawi ndi nkhokwe: imalandira madzi a mitsinje ya kuno kwathu, ya ku Tanzania ndi ya ku Mozambique m'dzinja monse, imafika podzaza penipeni cha mu Epulo kapena Meyi, kenako imatulutsa pang'onopang'ono chaka chonse. Choncho nyengo ya chisanu ikamayamba, minda ikuuma, Shire amakhala atangolandira kumene madzi ake ochuluka.

Koma nkhokweyi siyodalirika kotheratu. Madzi ambiri a m'nyanja amauluka ndi dzuwa ndi mphepo. Amene amatuluka mu Shire ndi gawo laling'ono. Komanso kuchokera ku Mangochi kufika pa Liwonde mtsinje suli potsetsereka kwenikweni, ndiye nyanja ikangotsika pang'ono, madzi otuluka amachepa kwambiri. Zidachitikapo. Kuyambira cha mu 1915 mpaka 1935 nyanja idatsika, mchenga ndi zomera zidatseka njira, ndipo Shire adaleka kutulutsa madzi a m'nyanja kwa zaka pafupifupi 20. Tayerekezani zimenezo zitachitika lero.

Ichi n'chifukwa chake mu 1965 adamanga Kamuzu Barrage pa Liwonde, malo amene tonse timangoti pa Baraji. Ili ndi mageti 14 achitsulo amene amakwezedwa kapena kutsitsidwa. Akatsitsa mageti, madzi amasungika kumtunda mpaka m'nyanja. Akakweza, madzi ambiri amapita kumunsi. Kumunsi kwa Matope mtsinje umatsika mamita oposa 300 m'mathithi, ndipo kumeneko n'kumene kuli makina opangira magetsi a Nkula, amene adayamba ntchito mu 1966, a Tedzani, ndi a Kapichira, amene adatsegulidwa mu 2000. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera m'makina amenewa. Madzi ambiri akumwa a mzinda wa Blantyre amapopedwa mu Shire pa Walker's Ferry, ndipo minda ya nzimbe ya ku Nchalo imathiriridwa ndi mtsinje womwewu. Zonsezi zimadalira madzi amene adutsa pa mageti a pa Liwonde. Ine ndimaona kuti palibe chomangidwa china m'maboma athu awiriwa chimene chimakhudza Amalawi ambiri chotere, ndipo zimandiwawa mwana wa ku Liwonde akamaliza sukulu akungodziwa Baraji ngati pokwerera minibasi.

Baraji idakonzedwanso m'zaka za m'ma 2010 ndi thandizo la World Bank. Kumtunda kwake muonanso chotchinga choyandama chogwira namasupuni ndi zinyalala zina za m'madzi, kuti zisakatseke makina ku Nkula. Ntchito yoyendetsa mageti ndi yovuta, chifukwa amene ali kumtunda ndi amene ali kumunsi safuna zofanana. Mu 2024 nyanja idakwera kwambiri, madzi n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi. A kumeneko ankafuna mageti atsegulidwe, pamene kutsegula kwambiri kukadaika pangozi anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje. Mukadzakula, ena a inu mudzakhala pampando wogamula nkhani zotere.

Pali mlatho wina wowoloka Shire pa Liwonde, wa njanji. Njanji yochokera ku Nkaya m'boma la Balaka kupita ku Nayuchi pamalire idatsegulidwa mu 1970, ndipo imakafika kudoko la Nacala. Sitima zazitali zonyamula malasha a ku Moatize zimadutsa pomwepo.

M'nkhalango

Liwonde National Park idakhazikitsidwa mu 1973, ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita 548, mbali yaikulu ili kum'mawa kwa mtsinje. Kuyambira 2015 ikuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi boma. Akakwiyo adabwezeretsedwamo mu 2017, mikango mu 2018, zipembere 17 zidabwera kuchokera ku South Africa mu 2019, ndipo mimbulu mu 2021. Njovu zidachuluka mpaka zina adazisamutsira ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017, ndipo zina 263 ku Kasungu mu 2022.

Chisanu chimasintha nkhalangoyi moonekeratu. Masamba a tsanya amasanduka achikasu, kenako ofiirira, n'kuyamba kuyoyoka. Malambe amatsala opanda tsamba, zipatso zokha zikulendewera. Mitengo imachita izi posunga madzi, chifukwa tsamba lililonse limataya madzi mumpweya. Pakati pa kuuma konseko pali kamtengo kakafupi, kathunthu lonenepa, kamene kamachita maluwa oyera a m'mphepete mofiira pa nthawi yomwe kalibe tsamba n'limodzi lomwe. Mukadzakaona musakathyole, utomoni wake ndi wapoizoni.

Zithaphwi za m'tchire zikamaphwa, nyama zimatsikira kumtsinje: njovu, njati, nswala, njiri, mphalapala. Nkhwazi zimalira pamitengo ya m'mbali mwa madzi. Mvuu zimatuluka masana kudzagona pamchenga, zimene sizichita kawirikawiri kukatentha. Ng'ona nazo zimaothera dzuwa nthawi yaitali, chifukwa thupi lake silidzifunditsa lokha. Ana anga, ng'ona yogona duu pamchenga sikuti yafooka. Musatunge madzi kapena kuchapa pamalo a bango, ndipo musawoloke mpanda wa magetsi wa nkhalango pofuna nkhuni.

Kumidzi

Kunja kwa mpanda, chimanga chalowa m'nkhokwe ndi m'matumba, minda yatsala mapesi. Chobiriwira chimene mukuona m'mindamo ndi nandolo, amene mizu yake imapita pansi kwambiri kukapeza chinyezi, n'chifukwa chake amacha mochedwa. Ku Balaka alimi akutola thonje. M'madambo a ku Chilwa ndi Chiuta amweta mpunga, ndipo mudzaupeza m'misika ya Ntaja ndi Nsanama. M'madimba muli tomato, mpiru ndi chimanga chachiwiri. M'mphepete mwa msewu wa ku Ulongwe ana akugulitsa malambe. Sukulu zikatsekera, m'midzi yambiri ya Ayao mumamveka ng'oma za jando ndi nsondo.

Iyinso ndi nyengo imene moto wa tchire umayamba, ena posaka mbewa, ena posotsa minda, ndipo matumba a makala amatsika m'mapiri panjinga m'mawa uliwonse. Sindikunyoza anthu amene amaotcha makala. Ambiri alibe pena popezera ndalama ya ufa ndi fizi. Koma tsatirani madzi. Phiri likatsala lambee, mvula yoyamba ya Novembala imakokolola dothi kupita nalo mu Likwenu ndi Rivirivi, kuchoka apo mu Shire, mpaka limakaunjikana padamu la Nkula, kumene limachepetsa madzi oyendetsa makina. Magetsi akazima, anthu a m'tawuni amagula makala ambiri, ndipo mitengo ina imagwa pa Chinduzi ndi Mongolowe.

Ntchito ya sabata ino

M'kope mwanu jambulani mapu a Shire kuchokera ku Malombe kufika ku Matope. Muikepo Baraji, mlatho wa njanji, phiri la Chinguni, Likwenu, Rivirivi, ndi malire a maboma awiri. Kwa masiku asanu, lembani nthawi imene dzuwa latuluka, kumene mphepo ikuchokera, komanso ngati kunali nkhungu ndi nthawi imene yachoka. Amene mumakhala kutali ndi mtsinje muone mame paudzu m'malo mwa nkhungu. Pomaliza, funsani agogo anu kapena munthu wina wamkulu kwanuko kuti mtsinje wapafupi ndi mudzi wanu unkaphwa mwezi uti iwo ali ana, ndipo umaphwa mwezi uti masiku ano. Mufunse mwaulemu, mulembe monga momwe anenera, ndipo mubwere nazo Lolemba.