KUPHIKIRA ODWALA MATENDA A MGONAGONA: NYEMBA NDI POTO WOTSEKERA NTHUNZI

Mau oyamba

Alangizi anzathu, m'midzi ndi m'matauni mmene mukugwira ntchito muli mabanja ambiri amene akusamala munthu wodwala matenda a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi. Kafukufuku amene anachitika m'Malawi m'chaka cha 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Wodwala akabwera kuchokera ku chipatala amakhala atauzidwa kuti achepetse mchere ndi mafuta, koma pakhomo ndiwo zimaphikidwa mumphika umodzi wa banja lonse. Phunziroli likufotokoza mmene poto wotsekera nthunzi, amene ambiri amamutcha pressure cooker, angathandizire banja kuphika nyemba zoyenera wodwala, zimenenso ena onse angadye mokondwa.

Ubwino wa nyemba kwa wodwala

Nyemba, nandolo, khobwe ndi nzama ndi zakudya zomanga thupi zokhala ndi mafuta ochepa. Zimagayika pang'onopang'ono m'mimba, motero shuga sakwera mofulumira m'magazi, ndipo munthu amakhuta nthawi yaitali. Mitundu ina, monga NUA 45, ilinso ndi mchere wa ayironi wochuluka.

Vuto la nyemba ndi kuchedwa kupsa. Pamoto wa nkhuni zimatha maola awiri kapena atatu. Pofuna kusunga nkhuni, amayi ambiri amathiramo soda kapena chidulo. Dziwani kuti soda ali ndi sodiyamu, yemweyo amene ali mumchere ndipo amakweza kuthamanga kwa magazi. Soda ndi chidulo zimaononganso vitamini B1. Choncho wodwala akhoza kusiya mchere koma namadyabe sodiyamu mosadziwa.

Mmene potoyu amagwirira ntchito

Mumphika wamba madzi sangatenthe kupyola madigiri 100, ndipo kumalo okwera ngati Dedza amawira pa madigiri pafupifupi 95, n'chifukwa chake nyemba zimachedwa kwambiri kumeneko. Poto wotsekera nthunzi salola nthunzi kuthawa, motero kutentha kumafika pakati pa madigiri 115 ndi 120. Nyemba zimafewa msanga popanda soda. Alipo mapoto amagetsi okhala ndi mabatani osankhira kaphikidwe, komanso ena oika pachitofu kapena pambaula.

Kaphikidwe kake

1. Sankhani nyemba, muzitsuke, ndipo muziviike m'madzi usiku wonse.
2. Tayani madzi oviikira. Thirani madzi atsopano mpaka apitirire nyemba ndi zala ziwiri.
3. Nyemba pamodzi ndi madzi zisapitirire theka la poto, chifukwa zimafufuma ndipo thovu lake lingatseke kabowo kotulukira nthunzi.
4. Onani ngati labala wa m'chivundikiro ali bwino, kenaka tsekani.
5. Nthunzi ikakwanira, phikani kwa mphindi 15 mpaka 20. Nyemba zokhalitsa m'nkhokwe ndiponso nzama zimafuna nthawi yoonjezera.
6. Zimitsani moto ndi kudikira kuti nthunzi ithe yokha. Musakakamize chivundikiro.
7. Tsegulani, ikanimo tomato, anyezi ndi adyo, ndi mafuta supuni imodzi kapena nsinjiro pang'ono, ndipo ziwire osavundikira kwa mphindi zisanu.

Za mchere ndi kagawidwe ka chakudya

Bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asadye mchere wofika magalamu 5 pa tsiku. Uwu ndi mchere wosadzaza kasupuni ka tiyi, kuwerengera zakudya zonse za tsikulo. Langizani mabanja kuyeza mchere ndi supuni, osati ndi dzanja, ndi kuuchepetsa pang'onopang'ono kwa masabata angapo kuti lilime lizolowere. Zokometsera za m'mapaketi nazo zili ndi mchere wambiri.

Kwa wodwala shuga, theka la mbale likhale masamba monga bonongwe, nkhwani kapena chisoso. Theka linalo agawane nyemba ndi nsima ya mgaiwa. Masamba aziphikidwa paokha mumphika wamba kwa nthawi yochepa, popanda soda, pakuti m'poto wa nthunzi amaphikika mopyola muyeso.

Chenjezo

a) Mapoto ena amagetsi ali ndi batani lophikira pa moto wochepa kwa maola ambiri. Musaphikire nyemba zosawiritsa pa batani limeneli. Nyemba, makamaka zofiira, zili ndi poizoni wachilengedwe amene amatha pokhapokha zitawira kwambiri kwa mphindi 10 kapena kuposerapo. Zikapanda kutero zimasanzitsa ndi kutsegula m'mimba.

b) Wodwala impso ayambe wafunsa a chipatala asanachulukitse nyemba, chifukwa zili ndi potaziyamu wambiri. Chidulo nachonso chili ndi potaziyamu, choncho apewe.

c) Chakudya chabwino sichilowa m'malo mwa mankhwala. Wodwala apitirize kumwa mankhwala ndi kupita kukayezetsa. Amene ali pa mankhwala a shuga asamadumphe nthawi ya chakudya, ngakhale magetsi atazima. Nyemba zotsala zitenthetsedwe mpaka kuwira asanadye.

Ntchito ya mlangizi

Potoyu ndi wokwera mtengo, ndipo si banja lililonse lingamupeze. Konzani chionetsero cha kaphikidwe pa kalabu ya alimi pamodzi ndi alangizi a za umoyo. Phikani nyemba zoviika m'miphika iwiri, wina wamba ndi wina wa nthunzi, popanda soda, ndipo anthu aone okha nthawi ndi makala amene apita. Itanani ndi abambo omwe, pakuti kawirikawiri ndiwo amayamba kudandaula ndiwo zikachepa mchere. Amene alibe potoyu muwaphunzitse kuviika nyemba, chifukwa kutero kokha kumachepetsa nthawi yophika ndipo soda safunikanso.

Kumbukirani: wodwala amene amadyera m'mbale imodzi ndi banja lake savutika kutsata malangizo a ku chipatala.