Madzi amene amabala emerald amachokera kuti?

Funso: Achimwene anga amakumba miyala ku Lufwanyama, ndipo amati emerald amapangidwa ndi madzi otentha a pansi pa nthaka. Kodi ndi madzi a mvula amene analowa pansi? — Wowerenga wa ku Kitwe

Yankho: Achimwene anuwo akunena zoona, koma gwero lenileni si mvula ayi. Emerald amafuna beryllium komanso chromium kapena vanadium, zinthu zomwe sizikhalira pamodzi kawirikawiri. Madziwo ndiwo amazikumanitsa.

Ku Kafubu, m'dera la Lufwanyama lomwelo, kumene kuli mgodi wa Kagem, madziwa anatuluka m'thanthwe losungunuka la granite pamene linkazizira, zaka pafupifupi 500 miliyoni zapitazo. Atanyamula beryllium, analowa m'ming'alu ya miyala yakale yofewa ya talc, yokhala ndi chromium wambiri, n'kuisandutsa mica wakuda wonyezimira wotchedwa phlogopite. N'chifukwa chake okumba odziwa ntchito amalondola mzere wakudawo m'mbali mwa quartz ndi tourmaline. Sikulota, emerald amagonadi mmenemo.

Za ku Colombia ndi zimene zimandigometsa kwambiri. Ku Muzo ndi ku Chivor granite sanachitepo kanthu. Madzi otentha pafupifupi madigiri 300 anasungunula mchere umene nyanja yamakedzana inasiya, kenako anakokolola beryllium, chromium ndi vanadium m'miyala yakuda yochokera ku matope. Mukaika emerald wa kumeneko pa microscope, mumaona timabowo tokhala ndi kadontho ka madzi, kathovu ka mpweya ndi kachidutswa ka mchere, zotsalira za madzi omwewo.