Injini ikamapsa pachitunda cha Thekerani: kuika oil cooler panjinga ya kabaza

Wakabaza wonyamuka ku Muona masana a mu Okutobala, matumba awiri a mpunga atawamanga ndi malegeni kumbuyo, ulendo wake ndi wa zitunda zokhazokha. Kuchigwa cha Shire kutentha kumadutsa madigiri 40, ndipo msewu wodzera ku Thekerani ndi Makwasa mpaka pa Thyolo boma suyipatsa mpumulo injini. Giya wani, giya thu, kubwereranso wani. Pofika m'minda ya tiyi njinga imakhala italefuka, kafungo ka oyilo wopsa kakutuluka pansi pa thanki, mkati mukumveka kuti ngwe-ngwe-ngwe akaonjezera moto.

Njinga zambiri za kabaza, kaya ndi Lifo, King Lion kapena Boxer, zilibe madzi oziziritsira injini. Zimadalira mphepo yodutsa m'zipsepse za chitsulo zozungulira silinda, komanso oyilo pafupifupi lita imodzi yokha. Pachitunda njinga imayenda pang'onopang'ono, mphepo imachepa, pamene injini ikugwira ntchito yolemetsetsa. Oyilo amagwira bwino ntchito pa madigiri 80 mpaka 110. Akadutsa 120 kwa nthawi yaitali amasanduka wamadzimadzi, msanga amatha mphamvu, ndipo maring'i ndi pisitoni zimayamba kudyana.

Apa ndi pamene amakaniko amatchula oil cooler, kaladiyeta kakang'ono kamene oyilo amadutsamo n'kubwerera mu injini atazizirako. Ndi kachipangizo kothandiza, koma wothamangira ku Limbe kukakagula asanayang'ane njinga yake nthawi zambiri amangotaya ndalama.

Ntchito yoyamba ndi ya bulashi ndi ndowa ya madzi. Katondo wa m'misewu ya m'maesiteti, monga kozungulira Satemwa, Conforzi ndi Naming'omba, amamata m'zipsepse za silinda nyengo ya mvula, nthawi yomwe tiyi akuthyoledwa kwambiri ndipo okwera ali mbwee. Akauma amalimba ngati njerwa yootcha, injini n'kukhala ngati yafunda bulangete. Azitsukidwa injini itazizira. Chizolowezi chothira madzi ozizira pa injini yotentha pamjigo n'choipa, chifukwa chitsulo chimatha kupindika kapena kung'aluka.

Kenaka pulagi imasulidwe. Nsonga yake ikakhala yofiirira ngati tiyi wothira mkaka, zinthu zili bwino. Ikayera mbee, ndiye kuti petulo akulowa wochepa poyerekeza ndi mpweya. Ambiri amatsina kabuleta dala kuti asunge mafuta, makamaka mizere ikatalika pamafilingi, osadziwa kuti injini yomanidwa petulo imatentha koposa. Makaniko ayezenso mpata wa mavavu, poti othina nawo amawotcha hedi. Oyilo akhale wa njinga yamoto, wa 20W-50 kapena amene buku la njingayo latchula, wolembedwa JASO MA pabotolo kuti kilatchi isamaterereke. Woyezedwa m'botolo la zakumwa m'mbali mwa msewu palibe angalumbire kuti ndi wotani.

Zonsezi zikakonzedwa njinga n'kumapsabe, makamaka kwa wokwera zitunda tsiku ndi tsiku atasenza nthochi, makala kapena zigubu za mkaka, oil cooler ali ndi malo ake.

Pogula, wamkulu sindiye wabwino. Pampu ya oyilo ya injini za 125 ndi 150 ndi yaing'ono, ndipo ikapatsidwa kaladiyeta kakakulu ndi mapaipi aatali, oyilo amafika mochedwa kuhedi. Ka mizere itatu kapena inayi n'kokwana. Wogula atchule mtundu weniweni wa injini yake, chifukwa malo otulutsira oyilo amasiyana: ina amalumikiza pachivundikiro cha m'mbali mwa hedi, ina pachotsekera cha kasefa ka oyilo kumunsi. Mwini njinga ya thusitiroko, ngati Yamaha DT 125, asavutike n'komwe, poti oyilo wa injini yake amapsera limodzi ndi petulo, sazungulira.

Tsiku loika, makaniko amayamba waliza injini mphindi zingapo kuti oyilo wakale atuluke mosavuta, n'kutsuka kasefa. Kaladiyeta amakamanga pafelemu kutsogolo, pansi pa thanki, pamene mphepo imawomba mwachindunji, koma osatseka njira ya mphepo yopita kusilinda. Asanalimbitse manati, amakhotetsa handulo mbali zonse mpaka pomaliza, n'kudinikiza mashoko akutsogolo mwamphamvu kuti aone ngati madigadi sikugunda. Njinga yoima pagalaja imatha kuoneka kuti mpata ulipo, koma dzenje loyamba la kwa Masambanjati limadzaulula zoona. Kutsogolo kwa kaladiyeta kuikidwe kawaya ka sefa kotchinga miyala yothamangitsidwa ndi tayala.

Mapaipi ndiwo amafuna kudekha. Akhale opangidwira oyilo wotentha, osati paipi ya petulo kapena ya madzi, yomwe imafewa n'kuphulika. Adutse kutali ndi ekizozi, asapindike mokhota kwambiri, ndipo amangidwe kuti asakhuzane ndi felemu, chifukwa kunjenjemera kwa msewu wafumbi kumaboola paipi m'masabata ochepa. Pamabawuti olumikizira paikidwe mawasha atsopano a kopa mbali zonse ziwiri. Ulusi wa injini ndi wa aluminiyamu, ndipo sipanala ya munthu wofuna kuonetsa mphamvu imaupulula kamodzi n'kamodzi. Paipi ikaphulika pamsewu, lita imodzi ija imatha m'kanthawi kochepa, oyilo wina n'kuthira tayala lakumbuyo.

Pomaliza, makaniko amathira oyilo m'kaladiyeta kaye asanalumikize paipi yomaliza, kuti hedi isayambe kuyenda youma. Injini ilire pang'onopang'ono osaipatsa moto. Pakapita mphindi zochepa dzanja likhudze kaladiyeta: kakafunda, oyilo akudutsa, kakakhala kozizira, injini izimitsidwe nthawi yomweyo, pali potseka. Itazima ndi kukhazikika, njinga ili chilili pamalo osapendekeka, dipisitiki ionedwe, oyilo aonjezeredwe pang'ono chifukwa wina watsalira m'mapaipi. Ulendo woyamba ukhale waufupi, wopanda katundu. Pobwera, kansalu koyera kapukute polumikizira ponse kuti dontho lililonse lionekere.

Chimene ogulitsa satchula n'chakuti Thyolo si Nsanje. Mu Juni ndi Julayi chiperoni chimakuta minda ya tiyi, kamvula kowaza n'kumagwa masiku angapo osaleka. Wakabaza wa maulendo aafupi pakati pa boma ndi mizere ya nyumba za antchito angapeze kuti oyilo wake sakutenthanso mokwanira. Chinyezi chimatsalira mu injini, ndipo pachotsekera oyilo pamaoneka zoyera ngati chambiko. Mankhwala ake ndi otchipa: kakatoni komangirira kutsogolo kwa kaladiyeta ndi waya, kodzachotsa dzuwa la Seputembala likayamba kuluma. Ndipo nyengo ya mvula, katondo yemwe uja amamatanso m'mizere ya kaladiyeta, choncho bulashi yofewa izidutsamo madzulo aliwonse, mosamala kuti timapepala take topyapyala tisapindike.