Bawuti Ikadukira Mkati mwa Injini

Kaphokoso kake n'kakang'ono. Imangoti thyo, sipanala n'kupepuka m'manja. Poyang'ana mupeza mutu wa bawuti uli mu sipanala, thunthu lake latsalira mu injini. Aliyense amene anakonzapo yekha njinga yamoto pansi pa mtengo wa mango akuudziwa mtima umene umabwera nthawi imeneyo.

Kuno ku Karonga zifukwa zoti bawuti iduke tili nazo zambiri. Nyengo ya mvula njinga zimayenda m'madzi ndi m'matope, makamaka North Rukuru akasefukira. Mpunga ukacha zimasenza matumba a kilombero kuchokera ku Lufilya, ku Wovwe ndi ku Hara, ndipo za kabaza zimakhalira kuthamanga mu M1 pakati pa boma, Kaporo ndi Songwe. Madzi amalowa m'mazinga, injini n'kutentha, n'kuzizira, dzimbiri n'kumanga. Mabawuti ogwira ekizozi pa mutu wa injini ndiwo amayamba kugonja, chifukwa amalandira zonse: moto, madzi ndi kugwedezeka.

Ikaduka, ikani kaye zida pansi. Bawuti ndi yotchipa, koma chimene yadukiramo n'chodula. Pa njinga zathu izi, kaya ndi Boxer, Lifan, TVS kapena Kinglion, mutu wa injini ndi zivundikiro zake ndi za aluminiyamu, chitsulo chofewa kwambiri poyerekeza ndi bawuti. Dirilu ikaterereka imasiya cholimba n'kudya chofewa. Injini zambiri zimene ndaziona zitawonongeka sizinawonongeke pamene bawuti inaduka ayi, koma pamene mwini wake anapsa mtima n'kuyamba kuboola asanaganize. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Dzifunseni funso limodzi: yaduka mukumanga kapena mukumasula? Yankho lake limasintha ntchito yonse. Ngati yaduka mukumanga, ndiye kuti munangopyola muyezo, ndipo chotsaliracho nthawi zambiri chimakhala chomasuka, pakuti mutu umene unkachikoka wachoka. Chotere chimatuluka ndi kapanchi chabe, nthawi zina ndi nsonga ya msomali. Koma ngati yaduka mukumasula, ndiye kuti dzimbiri lagwira mazinga mwamphamvu kuposa mphamvu ya bawutiyo. Zikatero chida chilichonse chowonda kuposa bawutiyo chidzadukanso mukachikakamiza. Pamenepa choyamba kulimbana nacho ndi dzimbiri.

Tsukani malowo ndi burashi ya waya mpaka muone bwino pamene yadukira. Thirani mafuta omasulira dzimbiri, monga WD-40 ngati muli nayo. Ngati mulibe, palafini kapena dizilo wosakaniza ndi oyilo pang'ono amagwira ntchito, kungoti amachedwa. Ena amathira mafuta a mabuleki, koma amenewa amasenda penti, ndiye muwasamale. Ngati bowolo layang'ana cham'mbali ndipo mafuta akungoyenderera, umbani kamkombero ka dongo mozungulira kuti mafuta aime, kapena mangiranipo kansanza konyowetsa. Kenako ikani panchi pakati pa chotsaliracho n'kumenya ndi hamala yaing'ono kangapo, mosakhomerera. Kugwedeza kumeneku kumang'amba dzimbiri kuti mafuta apeze polowera. Siyani igone usiku wonse. Ndikudziwa kuti kwa wakabaza tsiku limodzi ndi ndalama ya ufa, koma kusowa mutu wa injini ndi sabata kapena mwezi.

Mnzake wa mafuta ndi moto. Aluminiyamu ikatenthedwa imafufuma pafupifupi kawiri kuposa chitsulo cha bawuti, ndiye bowo limatambasuka pang'ono n'kulekerera. Choyenera kutenthetsa ndi malo ozungulira bawuti. Ngati injini ikulira, ilizeni mphindi khumi n'kuizimitsa, mugwire ntchito idakali yotentha. Ngati chidutswacho chimachoka pa njinga, monga chivundikiro cha m'mbali, chichotseni, muchithire madzi owira kapena muchiike pafupi ndi mbaula. Dontho la madzi likamati tswee n'kuuma pomwepo, kwakwana. Musadikire kuti ifiire ngati khasu la kwa wosula. Aluminiyamu imasungunuka pa madigiri 660 isanasinthe mtundu, imangofwafwanizika mukuyang'ana. Musanayandikize moto uliwonse pa njinga, chotsani thanki, tsanulani petulo wa mu kabyuleta, pukutani palafini uja, ndipo mabotolo a petulo amene ambiri timasunga pakhonde apite kutali. Ana nawonso asuntheni.

Ngati katsala kachidutswa kotulukira kunja, mwachita mwayi. Palani mbali ziwiri ndi tupa kuti zikhale zafulati, mugwire zolimba ndi pulayala yotseka ija amati vice grip, pafupi penipeni ndi injini. Musapotoze kamodzi n'kamodzi. Yambani ngati mukumanga pang'ono, kenako bwezani, mangani, bwezani, mukuthira mafuta. Ikayamba kusuntha, ngakhale pang'ono ngati tsitsi, mwapambana kale. Pitirizani kuivinitsa choncho mpaka itafewa. Ikalira kwii, imani, thirani mafuta, bwezani m'mbuyo. Ngati mazinga otsala ndi aatali moti manati awiri akhoza kulowa, alowetseni, muwamange molimbanitsa, kenako mumasule pogwira nati yamkati. Kucheka mpata ndi hakisowo kuti mulowe sikuludiraiva kumathandiza pa bawuti yomasuka kale basi. Ya dzimbiri imangoyasama milomo.

Ikadukira molingana ndi pakamwa pa bowo, yesani panchi yakuthwa. Khomani kadzenje cha m'mphepete mwa chotsaliracho, pendeketsani panchi, muzimenya pang'onopang'ono moizunguliza kumanzere, mosemphana ndi mivi ya wotchi. Mabawuti pafupifupi onse a njinga amamasukira komweko, kupatula ochepa monga galasi lakumanja pa njinga za Yamaha. Mukamenya kwa mphindi zingapo osaona kusuntha, lekani, chifukwa mukapitiriza mufutukula pamwamba pake n'kuikhomerera ngati riveti.

Apa ndi pamene ine ndimalangiza kuti mukankhe njinga, kapena munyamule chidutswacho, kupita kwa wowotcherera. Amene amawotcherera mafelemu a zitseko ndi mawindo pa boma, pa Uliwa kapena pa Kaporo ali nacho chida choposa zonse pa ntchito imeneyi. Amaika washa pamwamba pa bawuti yodukayo, n'kuwotcherera pakati pa bowo la washa kuti igwirane ndi bawuti, kenako n'kuwotcherera nati pamwamba pa washa. Ubwino wake ndi wapawiri. Bawuti imapeza mutu watsopano, komanso moto wa kuwotchererako umalowa mu thunthu lake n'kuphwanya dzimbiri. Chitsulo chowotchereracho sichimata pa aluminiyamu, ndiye mazinga amapulumuka. Dikirani kufiira kuthe, thiranipo oyilo, mugwire ndi sipanala n'kuyamba kuvinitsa kuja. Nati ikathothoka musataye mtima. Awotchererenso ina, kawiri, katatu. Ulendo uliwonse dzimbiri likunka ligonja. Koma musanalole kuti ayatse makina, chotsani mawaya a batire, zulani pulagi ya CDI, ndipo waya wa earth amumangirire pa chidutswa chomwecho, pafupi ndi bawuti. Akamumangirira ku tayala, magetsi adutsa m'mabering'i n'kuwawotcha, mudzabwerako ndi vuto lina.

Kuboola kukhale komaliza, pamene bawuti yadukira mkatikati moti wowotcherera sangaifikire. Ntchito yonse yagona pa kadzenje koyamba. Salazani pamwamba ngati n'kotheka, ndipo khomani panchi pakati penipeni. Yang'anani kuchokera mbali zonse, ndipo ngati kapatuka, kakankheni ndi panchi kabwerere pakati musanagwire dirilu. Yambani ndi biti yaing'ono yakuthwa, ya mamilimita 2.5 kapena 3, dirilu ikuyenda pang'onopang'ono, mukuthira oyilo. Pakhale mnzanu woima cham'mbali wokuuzani mukapendeka, chifukwa woboola saona kupendeka kwake. Tengani bawuti inzake ya yodukayo, muyeze kutalika kwake pa biti, mumangepo tepi kuti musapyole. Kuseri kwa bowolo kukhoza kukhala njira ya oyilo. Tsekani ndi nsanza pakamwa pa ekizozi ndi pena paliponse potseguka, ndipo ngati mukuboola pamene tizitsulo tingagwere mkati mwa injini, pakani girizi pa biti kuti tizimatirira. Kumene kulibe magetsi, dirilu yopukusa ndi manja imatha ntchito imeneyi, ndipo kuchedwa kwakeko n'kumene kumakutetezani. Mukapeza mabiti oboola mozungulira kumanzere, gulani. Nthawi zina amakola bawuti n'kuitulutsa mukuboola.

Tsopano za kachida kaja amati extractor, kamene kamalowa mu bowo n'kuluma mukamapotoza kumanzere. M'masitolo a zitsulo amakatamanda, ndipo pa bawuti yoduka pomanga kamagwiradi ntchito. Pa ya dzimbiri ine ndimakaopa. Mphwanga wina anakalowetsa mu bawuti ya ekizozi, anaona kuti sikakuyenda, anawonjezera paipi ku sipanala. Kanaduka. Chitsulo chake ndi chouma kwambiri, n'chifukwa chake chimathyoka ngati galasi m'malo mopindika, ndipo biti wamba sachilowa. Tinathera mabiti atatu pachabe, mapeto ake mutu wa injini unakwera minibasi kupita ku Mzuzu. Kuwonjezera apo, kachidaka n'kosongoka, ndiye mukamakakhomera kamafutukula bawuti n'kuikanikizira m'mazinga. Mukafuna kukayesa, gwirani ndi kasipanala kakafupi, ndipo mukamva kakunyumphira ngati sipuling'i bawuti isakusuntha, katulutseni.

Njira yotsala ndiyo kuidya yonse. Onjezerani biti pang'onopang'ono. Bawuti ya M6, imene mutu wake umalowa sipanala ya 10 kapena ya 8, mulekezere pa biti ya mamilimita 5. Ya M8, ya sipanala 12, mulekezere pa 6.8. Ngati munayambira pakati, chotsala ndi kachikopa kopyapyala komatirira m'mazinga, kamene mukhoza kukatokosa ndi sipoko yonola. Kenako dutsitsani tapu ya saizi yomweyo, M6 ya 1.0 kapena M8 ya 1.25, ndi manja, mukupita patsogolo theka n'kubwerera pang'ono kuti zinyalala zituluke. Mazinga akakhala kuti apita, amakaniko ena ali ndi tiwaya topota totchedwa Helicoil tobwezeretsa saizi yakale. Apo ayi, bowo la M6 limakulitsidwa kukhala M8, koma pokhapokha ngati pali mnofu wokwanira mozungulira. Pamphepete pakapyapyala, pang'ambika.

Pali malo amene sindivomereza zachigamba. Bawuti ya mabuleki, ya ekiselo, yogwira mahandulo kapena ya sipuloketi, mazinga ake akawonongeka gulani chidutswa china. Ndaonapo njinga zomangidwa ndi waya komanso mphira pamalo otere zitanyamula mayi ndi mwana kumsana. Ekizozi ikagwa mumangochita manyazi ndi phokoso, koma buleki ikachoka pa chitsikireko cha msewu wa ku Chitipa palibe wokubwezani.

Pobwezera, musatole bawuti iliyonse m'chitini. Pezani yolembedwa 8.8 pamutu, kapena ya njinga yeniyeni, ndipo kutalika kwake kulingane ndi yakale. Yaitali imagunda pansi pa bowo, inu n'kumaganiza kuti sinamange, n'kuidulanso. Pakani girizi m'mazinga, ndipo ku ekizozi mupake girizi wa kopa amene sapsa ndi moto. Gwiritsani sipanala ya ring'i kapena soketi yolingana. Ya 13 pa mutu wa 12 imangowumbuza ngodya. Chachikulu ndi mphamvu. Bawuti ya M6 imafuna pafupifupi 10 Nm basi, zimene zili ngati kupachika makilogalamu 7 a mpunga kumapeto kwa sipanala ya masentimita 15. Dzanja limene limakweza thumba la makilogalamu 50 pa keliyala limapyola muyezo umenewo losadziwa n'komwe. N'chifukwa chake sipanala ya 10 anaipanga yaifupi, ndipo paipi isamayandikire kumeneko.

Amene njinga zanu sizinadule bawuti, musadikire. Mvula isanayambe, thirani mafuta pa manati a ekizozi madzulo, m'mawa muwamasule imodziimodzi, mupake girizi wa kopa, mumangenso. Bawuti imene mutu wake wadyeka kale, muisinthe tsiku lomwelo.