ANKHOSWE A M'THUMBA LA FETEREZA

Munthu ali yense wa kwathu ku Lizulu adziwa kuti kabici, anyezi ndi mbatata ya kacewere zimene timaunjika m'mbali mwa mseu wa M1 sizikula ndi madzi okha ai. Zifuna fetereza, amene acokera kutsidya la nyanja kudzera ku madoko a Beira ndi Nacala. Mtengo wace utakwera m'zaka za 2021 ndi 2022 makolo athu anamva kuwawa, pakuti ndalama za fizi zicokera m'madimba momwemo. Tsono ndifuna kukuuzani, anzanga, za kanthu kobisika pa ciyambi ca thumba limeneli, kamene m'phunziro la sayansi tikacha katalisiti.

Katalisiti ali ngati nkhoswe. Akumanitsa awiri amene paokha akadazengereza, ndipo ukwati utamangidwa iye abwerera kwace ali wamphumphu, nayembekeza ena.

Mu mpweya umene tipumawu, magawo 78 mwa 100 ndi naitrojeni, cakudya ceni ceni ca mbeu. Koma cimanga sicikhoza kumtenga, cifukwa maatomu ace agwirana awiri awiri kolimba. Mu 1909 Fritz Haber wa ku Germany anakhoza kumkwatitsa kwa haidrojeni, napanga amoniya; ndipo mu 1913 Carl Bosch anatsegula fakitale ku Oppau, nkhoswe yace iri citsulo wamba. Urea acokera ku amoniya ameneyu. Koma kuti pakhale CAN, amoniya wina amuocha pa sefa wolukidwa ndi pulatinamu ndi rodiyamu. Zitsulo zimenezi nzosowa ndi za mtengo wapatari, zambiri zikumbidwa ku South Africa, makamaka ca ku Rustenburg, ndipo sefayo amaperepeseka pang'ono pang'ono.

Cimene cigwira nchito pa katalisiti ndi maatomu a pamwamba okha. A m'katiwo angokhala cabe. Cifukwa cace akatswiri aphwanya citsulo cikhale timibulu tating'onoting'ono, monga mai asinja mcere kuti usungunuke msanga. Timibuluti atiyesa ndi nanomita, ndiye kuti milimita imodzi yodulidwa mapande 1,000,000. Ine mutu wanga ukana kuona kanthu kotere, koma masamu ace ndiwabvomera.

Kale osula ankatenga citsulo cimodzi nathirako cina pang'ono, ngati mcere m'ndiwo. Mu 2004 Jien-Wei Yeh wa ku Taiwan ndi Brian Cantor wa ku England, yense payekha, anaonetsa kuti nkotheka kusakaniza zitsulo zisanu kapena kuposa, ciri conse muyeso wolingana ndi cinzace. Zotere azicha high-entropy, kutanthauza cisokonezo cacikuru. Taganizani nyemba za mitundu isanu zopetedwa m'licero limodzi: sizibwerera zokha m'magulu ao.

Bvuto nlakuti zitsulo zina zikanana ngati madzi ndi mafuta, ndipo zikazizira pang'ono pang'ono zipatukana. Mu 2018 Yonggang Yao, Liangbing Hu ndi anzao pa University of Maryland anazicenjerera. Anazitenthetsa ndi magetsi kufika madigiri pafupi fupi 1,700 kwa kamphindi kosakwana gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi, nazizizitsa mwadzidzidzi zisanapeze mpata wothawana. Motero anaika zitsulo mpaka 8 m'kambulu kamodzi. Ndipo yeso lace, taonani, linali lomwe lija la kuocha amoniya: timibulu ta zitsulo zisanu tinasandutsa pafupi fupi amoniya yense.

Ubwino wa cisokonezoci uli apa. Nkhoswe yogwira munthu molimbitsa simtaya, yogwira mofooka imtaya nkhani isanathe. Pa kambulu kosakanizika, atomu iri yonse iri ndi anansi osiyana, motero kagwiridwe kali ka mitundu mitundu, ndipo malo ena apezeka oyenera ndithu.

Musayese kuti mawa fetereza atsika mtengo pa msika wa Lizulu. Mafakitale akali ndi masefa ao a pulatinamu, ndipo mtengo wa thumba utsata makamaka gasi wopangira haidrojeni, zombo ndi malole. Cimene cinandikondweretsa ine koposa ndi yeso la 2019, pamene akatswiri a ku America anasakaniza kobalati, molibidenamu, citsulo, nikeli ndi mkuwa, zopanda ndi cimodzi comwe ca mtengo wapatari, ndipo zinaposa rutheniyamu wodulayo pa kumasula amoniya kuti aturutse haidrojeni, amene akayaka asiya madzi, osati utsi.