Lachitatu: Madzi Osefukira ndi Madzi a M'ngalande

Werengani Hagai 1:2-11. Kodi nchifukwa ninji anthu akhama chotere ankakolola pang'ono?

Ayuda amene anabwerako ku ukapolo wa ku Babulo sanali aulesi. M'chaka cha 520 Khristu asanabadwe, Hagai anawapeza akufesa zambiri ndi kukongoletsa nyumba zawo, kachisi ali bwinja. Ntchito yoyenera kuyamba anaiika pambuyo.

Abale a ku Mua ndi Mtakataka amaudziwa mtsinje wa Namikokwe. Ukasefukira m'dzinja umathamanga ndi mkokomo, nukokolola mbewu, nusiya mchenga m'minda. Madzi omwewo akapatutsidwira m'ngalande za sikimu ya Bwanje amayenda mwakachetechete, nafika pa munda wa mpunga m'nthawi yake. Nafenso mu mpingo timasefukira: makomiti, kuphunzira nyimbo, kukonzekera msonkhano wa misasa. Zonsezi nzabwino ndithu, koma wodwala wa m'mudzi mwathu amatha mwezi wathunthu wopanda womuyendera.

Yerekezani ndi Marko 1:35-39. Anthu onse akumfunafuna, Yesu anasankha kupita ku midzi ina. Kodi m'banda kucha uja anachitanji asanasankhe? Lembani ntchito ziwiri zimene mungazisiye mlungu uno, ndi dzina la munthu amene mudzamuyendere m'malo mwake.