Lamulo ndi Banja: Makalata Ochokera ku Phalombe

Muulutsi: Makalata a lero achokera ku Phalombe, ndipo ambiri alembedwa ndi anthu amene amathandiza anzawo pa milandu. A loya athu afika.



Kalata yoyamba yachokera kwa paraligo wa ku Migowi. Akuti: "Kwabwera mayi amene wakhala ndi mwamuna zaka 7 popanda chinkhoswe, ndipo ali ndi ana awiri. Mwamunayo akuchoka, akuti chinali chibwenzi chabe. Ndiwauze chiyani?"

Loya: Musawabweze mayiwo. Lamulo la maukwati la 2015 limavomereza maukwati amitundu inayi: wa kwa DC, wa pachikhalidwe, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, ndi wongolowana. Koma wongolowanawu woutsimikiza ndi khoti lokha, osati mfumu kapena inu. Khoti limafuna kuti awiriwo akhale atakhalira limodzi zaka zosachepera 5. Limafunsanso ngati ankadyera mphika umodzi, ngati ankalera ana pamodzi, ndiponso ngati mudzi unkawadziwa kuti ndi banja. Choncho yambani ndi umboni. Pezani a nyakwawa, anansi oyandikana nawo, ndi amene ankawaona akupita limodzi kumaliro ndi kumunda. Dziwaninso kuti chisamaliro cha ana sichidikira zonsezi. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limakakamiza kholo kulera mwana wake, kaya ukwati ulipo kaya palibe.

Muulutsi: Yachiwiri ndi ya nkhoswe ya ku Chiringa, kwa T/A Nazombe. Akuti: "Mkamwini wathu anamanga nyumba yamalata pamalo a mkazi wake, nagula njinga yamoto ya kabaza ndi ndalama za nandolo. Banja latha. Akuchikazi akuti achoke ndi bulangete lokha, iye akuti lisiti la njinga lili m'dzina lake. Wolondola ndani?"

Loya: Bambo nkhoswe, onsewo aphonya. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino limati banja likatha, mkazi alandire gawo loyenera la katundu amene anali wa onse awiri. Gawo 74 la lamulo la 2015 limauza khoti kuti poweruza liwerengere zimene aliyense anaikapo, ngakhale ntchito zapakhomo. Ndiye funsani kuti nandoloyo anapalira ndani. Anamenya ndi kupeta ndani? Ankaphika ndi kutunga madzi ndani pamene bambo anali ku kabaza? Lisiti silifufuta thukuta limenelo.

Koma aparaligo asamalonjeze aliyense kuti adzagawana pakati ndi pakati. Mu 2017, pa mlandu wa Sikwese ndi Banda, khoti lalikulu la apilo linanena kuti si katundu yense wopezeka m'banja amene ali wa onse awiri. Pamafunika kuonetsa kuti cholinga chinali chokhala naye limodzi, kapena kuti winayo anaikapo dzanja. Mu 2020, pa mlandu wa Tewesa ndi Tewesa, Justice Kalembera anagamula kuti mkazi amene anavutikira banja pamene mwamuna wake ankaphunzira ayenera kupatsidwa chipukutamisozi pa maphunzirowo. Mukuona kuti makhoti akuyang'ana amene anakhetsa thukuta.

Za nyumbayo, makhoti athu akhala akulemekeza mwambo wa chikamwini woti mwamuna amangire mkazi nyumba kwawo kwa mkaziyo, choncho asaganize zosasula malata. Komabe mkamwini naye ndi munthu, ndipo pa katundu wina amene anapeza limodzi ali ndi gawo lake. Mukalephera kugwirizana pabwalo, ukwati wa pachikhalidwe umathetsedwa kukhoti la majisitireti, ndipo kumeneko nkhani ya katundu imakambidwanso.

Muulutsi: Iyi yandikhudza mtima. Mayi wina wa kwa Nkhulambe akuti: "Amuna anga anapita ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Ana a mlongo wawo anatenga ng'ombe ndi chigayo, akuti pamwambo wathu chuma cha amalume ndi chawo. Ndatsala ndi ana anayi."

Loya: Pepani kwambiri, mayi, Mulungu apitirize kukutonthozani. Zimene achitazo ndi mlandu. Lamulo lakale la 1967 linkapereka gawo la chuma kwa olowa m'malo a pachikhalidwe, ndipo ambiri akuganizabe choncho. Lamulo la chuma chamasiye la 2011 linasintha zimenezo. Munthu akamwalira osasiya wilo, chuma chimapita kwa mkazi kapena mwamuna wake, ana ake onse, kuphatikizapo obadwira kunja kwa banja, ndi amene ankadaliradi malemuyo. Ziwiya zapanyumba zimatsala ndi wamasiye. Wolanda chuma chamasiye akhoza kulipitsidwa chindapusa ndi kukhala kundende mpaka zaka 10. Lembani zonse zimene zinatengedwa, mtundu wa ng'ombe iliyonse ndi amene anaona zikutuluka m'khola. Kenako pitani ku Victim Support Unit ya apolisi ndi ku ofesi ya DC. Ngati pafunika loya ndipo mulibe ndalama, a Legal Aid Bureau ntchito yawo ndi yomweyo. Kwa abambo amene mukumvera, chakudza sichiimba ng'oma: lembani wilo, musayine pamaso pa mboni ziwiri.

Muulutsi: Yomaliza ndi ya mlembi wa mfumu ina kwa Jenala. Akuti: "Mtsikana wa zaka 16 ali ndi pakati, makolo a mbali zonse agwirizana kuti alowane. Tilembe m'kaundula?"

Loya: Ayi, musalembe. Kale malamulo aakulu ankalola mwana wa zaka 15 kukwatiwa makolo akavomera, koma aphungu anatseka mpata umenewo mu Febuluwale 2017. Tsopano aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo palibe kholo, nkhoswe kapena mfumu imene ingamuvomereze ukwati. Dziwitsani a ofesi yosamalira anthu ndi apolisi. Mtsikanayo ayambe sikelo, akabereka abwerere kusukulu, ndipo mwini mimbayo asamale mwana wake.

Pempho langa kwa inu nonse amene mumakhala pakati pa mabanja ndi ili: anthu amayamba kufika kwa inu asanaone khomo la khoti, ndipo zimene mwawauza amazitenga ngati lamulo. Mukawauza zakale, wamasiye amabwerera kwawo chimanjamanja. Pezani malamulo anayiwa, la 2010, la 2011, la 2015 ndi kusintha kwa 2017, muwawerenge ndi kumafunsa pamene pavuta.

Muulutsi: Omvera, pitirizani kutilembera. Sabata yamawa tidzayankha makalata okhudza nkhanza za m'banja ndi chiletso chimene khoti limapereka poteteza wozunzidwa.